Funsani Tikuyankheni: Madigiri a Réaumur ndi Chisanu cha mu 1812

Funso: Ndine mphunzitsi wa mbiri yakale pa sukulu ina ya sekondale m'boma la Dedza. Pokonzekera phunziro la nkhondo za Napoleon, ndinapeza chithunzi chimene Charles Joseph Minard anajambula mu 1869, chosonyeza mmene asilikali a dziko la France anathera pobwerera kuchokera ku Moscow mu 1812. M'munsi mwake analembamo mmene kunkazizirira pa sikelo ya Réaumur: madigiri 9 pansi pa ziro pa 9 Novembala, kenako madigiri 21 pansi pa ziro pa 14 Novembala. Kusiyana kwake ndi madigiri 12, koma nditalowetsa 12 ameneyu pa foni kuti asinthidwe, ndinapeza madigiri 59 a Fahrenheit, ndiponso 288 a Kelvin. Kodi ndalakwitsa pati?

Yankho: Aphunzitsi, foni yanu yayankha molondola funso limene inu simunafunse. Iyo inaganiza kuti mukufuna kudziwa kuti kunja kukatentha madigiri 12 a Réaumur, choyezera cha Fahrenheit chingaloze pati, ndipo yankho lake ndi 59 ndithu. Koma 12 wanuyo sakunena za kutentha kwa tsiku lililonse, akunena za mpata umene uli pakati pa kutentha kwa masiku awiri, ndipo mpata susinthidwa mofanana ndi kutentha kwenikweniko.

Tiyambe ndi sikeloyo. René Antoine Ferchault de Réaumur, katswiri wa sayansi wa ku France, anaikonza cha m'ma 1730, ndipo pa sikelo imeneyi madzi amaundana pa digiri 0 n'kuwira pa madigiri 80. Sikelo ya Celsius imagawa mpata womwewu m'madigiri 100, pamene ya Fahrenheit imaugawa m'madigiri 180, kuyambira pa 32 kukafika pa 212. Popeza mpata ndi umodzi koma magawo ake ndi osiyana, digiri imodzi ya Réaumur ndi yaikulu kuposa zinazo: imafanana ndi madigiri 1.25 a Celsius, kapena madigiri 2.25 a Fahrenheit.

Taganizirani za telala amene akuyeza nsalu ndi tepi yoduka nsonga, moti manambala ake amayambira pa 32. Akafuna kudziwa kutalika kwa mkono wa malaya, amawerenga nambala ya paphewa ndi ya pamkono n'kuchotsera, ndipo 32 uja amasowa yekha chifukwa ali mbali zonse ziwiri. Atati amuwonjezere pa yankho lake, malaya aja angatuluke ndi mikono yofika m'mawondo. N'zimene foni yanu inachita: inaphatikiza 32 wa Fahrenheit ndi 273.15 wa Kelvin, manambala amene ntchito yawo ndi kusonyeza pamene sikelo imayambira basi.

Choncho posintha kusiyana kwa kutentha, mungochulukitsa, osaphatikizapo kanthu. Madigiri 12 kuchulukitsa ndi 1.25 akupereka madigiri 15 a Celsius, amenenso ndi 15 pa sikelo ya Kelvin, chifukwa magawo a masikelo awiriwa ndi ofanana kukula kwake. Kuchulukitsa ndi 2.25 kukupereka madigiri 27 a Fahrenheit. Ndikukulimbikitsani kuti ophunzira anu atsimikize okha pa bolodi posintha tsiku lililonse palokha. Pa 9 Novembala kunali -11.25 pa Celsius, kapena 11.75 pa Fahrenheit, ndipo pa 14 Novembala kunali -26.25 pa Celsius, kapena -15.25 pa Fahrenheit. Akachotsera apeza 15 ndi 27 yemwe uja, ndipo mwana amene wadzipezera yekha yankho mwa njira ziwiri sadzavutikanso kuloweza lamuloli.

Chimene chimasocheretsa anthu ambiri n'chakuti Réaumur ndi Celsius onse amayambira pa ziro mmodzi, kotero kuti pakati pa awiriwa kuchulukitsa ndi 1.25 kumagwira ntchito kaya mukusintha kutentha kwenikweni kaya kusiyana kwake. Munthu amazolowera kuti palibe chosiyanitsa, n'kudzagwa m'mbuna akafika pa Fahrenheit ndi Kelvin.

Pali chinthu china chimene inu monga wa mbiri yakale muyenera kusamala nacho. Zoyezera zoyambirira za Réaumur zinkagwiritsa ntchito mowa wosakaniza ndi madzi, umene umawira msanga ndipo sufufuma mofanana pa digiri iliyonse, moti madigiri a m'zolembedwa za m'zaka zoyambirirazo sagwirizana bwinobwino ndi masamu athuwa. Jean-André Deluc wa ku Geneva, cha m'ma 1772, ndi amene anakhazikitsa choyezera cha mekyule (chitsulo chamadzimadzi) chogawidwa 80 pakati pa kuundana ndi kuwira kwa madzi, ndipo n'chimene chinafala m'dzina la Réaumur ku France, ku Germany ndi ku Russia. Manambala a mu 1812 mungawasinthe motsatira sikelo imeneyi.

Mukamadzaphunzitsa, musadzalekere pa 14 Novembala. Nambala yotsikitsitsa pa chithunzi cha Minard ndi ya pa 6 Disembala, madigiri 30 pansi pa ziro, amene ndi -37.5 pa Celsius. Ana a ku Dedza amadziwa mmene zala zimaumira m'mamawa wa mwezi wa Juni, koma auzeni kuti asilikali aja, ambiri a iwo anjala ndi ovala nsanza, ankayenda pansi kunja kukuzizira kuposa m'kati mwa firiji yosungiramo nyama, imene kawirikawiri imaikidwa pa -18 pa Celsius.