Musamulande bukulo, koma mukhale naye pafupi akamawerenga

Mayi anzanga, mwafunsa ngati n'koyenera kuti mwana wanu wa zaka 10 apitirize kuwerenga buku la Who Let the Gods Out?, poti muli milungu ya Agiriki, komanso mwaona kuti nthawi zina amaseka mpaka misozi, kenaka n'kungoti ndwii osayankhula. Ine ndikuti musamulande. Koma chimene chikukuopsanicho si chimene chili cholemera m'bukumo.

Tiyambe ndi milunguyo. Zeus, Hermes, Athene ndi anzawo ndi a m'nthano zakale kwambiri, zimene Homer ndi Hesiod anaziika m'ndakatulo zaka pafupifupi 700 Yesu asanabadwe. Ngakhale m'Baibulo maina awo alimo. Pa Machitidwe 14, Paulo atachiritsa munthu wopunduka miyendo ku Lystra, anthu anatcha Barnaba kuti Zeus, Paulo n'kumutcha Hermes chifukwa ndiye ankatsogolera poyankhula. Mwana wodziwa nthanozi amamva bwino chifukwa chake awiriwo anang'amba zovala zawo pokana nsembe. Ndipo m'bukuli palibe pamene owerenga akuuzidwa kuti apembedze. Zeus wake ndi nkhalamba yokonda kukwatira, Hermes ndi mnyamata wotengeka ndi zovala ndi foni. Mwana amawaseka monga amasekera Fisi pa nthano za Kalulu.

Cholemera chili pa mnyamatayo, Elliot Hooper. Maz Evans, amene anatulutsa bukuli mu 2017, anamuika pa famu ina pafupi ndi miyala yakale ya Stonehenge ku England. Elliot ali ndi zaka 12, bambo ake pakhomo palibe, ndipo mayi ake akudwala matenda oiwalaiwala. Tsiku lina ali bwinobwino, tsiku lina asochera panja osadziwa kumene akupita. Mwanayo ndiye akuphika, akuwagoneka, akuwerengera tindalama totsala, kwinaku kalata yangongole ikunena kuti nyumba ilandidwa. Kusukulu amangosinza, aphunzitsi n'kumamuyesa waulesi. Choopsa koposa n'chakuti sakuuza munthu aliyense, chifukwa akuopa kuti akuluakulu akadziwa adzamulekanitsa ndi mayi ake. Apa ndi pamene mwana wanu amati ndwii, ndipo akuchita bwino kutero. Zikusonyeza kuti akumva zimene akuwerenga.

Kenaka m'khola la ng'ombe mugwa Virgo, mtsikana wochokera ku nyenyezi, wodzimva kuti salakwa. Awiriwa amasula mosadziwa Thanatos, mzimu wa imfa, amene anali womangidwa pansi pa Stonehenge. Wolembayo sanangotola dzinali mwachisawawa. M'nthano za Agiriki, Thanatos ndi mwana wa Nyx, amene ndi usiku, ndipo m'bale wake ndi Hypnos, amene ndi tulo. Pali nthano yoti mfumu Sisyphus inamumanga Thanatos, anthu n'kuleka kufa, mpaka Ares, mulungu wa nkhondo, anabwera kudzamumasula. Tsono taganizani: mwana amene akuopa kutaya mayi ake ndiye akulimbana ndi mwini imfa. Ulendo wonse wa milungu ndi mantha a Elliot omwewo, ongovekedwa zovala zoti mwana angathe kuwayang'ana.

N'chifukwa chake nthabwalazo ndimaziteteza kwambiri. Mukanamupatsa mwana wa zaka 10 buku longonena za mayi amene akuiwala zinthu tsiku ndi tsiku, akanalitseka pa mutu wachiwiri. Kusekako kumamupatsa mpweya woti afike pa tsamba lowawa, aliwerenge, apitirire. Wolemba wina, Rick Riordan, anachitanso chimodzimodzi mu 2005 m'buku lake lonena za Percy Jackson, mnyamata wovutika kuwerenga ndi kukhazikika m'kalasi, wokhala ndi bambo womupeza wankhanza, amene pambuyo pake azindikira kuti ndi mwana wa Poseidon, mulungu wa nyanja. Koma kwa ine Elliot amandikhudza koposa, chifukwa iye si mwana wa mulungu aliyense. Ndi mwana wamba, ndipo milungu ikabwera matenda a mayi ake sachoka.

Nkhani yake ndi ya ku England, koma ana otere kwathu kuno tili nawo ambiri: amene amasamalira kholo kapena agogo odwala, kutunga madzi, kuphika phala, n'kufika kusukulu mochedwa popanda wowafunsa chifukwa. Ndiponso tikudziwa kuti gogo akayamba kuiwala ndi kuyendayenda usiku, ena amathamangira kumunena kuti ndi mfiti. Mwana amene waona mayi a Elliot kudzera m'maso a mwana wawo amadziwa kuti amenewo ndi matenda, ndipo wodwalayo ndi munthu yemwe uja amene ankakondedwa. Phunziro limenelo lokha likundikwanira kuti bukulo likhale m'nyumba.

Chimene ndingakupempheni n'chakuti muwerengeko mitu ingapo inuyo, kapena akuwerengereni madzulo mukuphika. Osamufunsa ngati mayeso. Mufunseni kuti, iwe ukanakhala Elliot ukanauza ndani? Mvetserani dzina limene atchule, ndipo akapanda kutchula aliyense, muthandizeni kupeza munthu: azakhali, amalume, aphunzitsi amene amawakhulupirira. Za milungu, muuzeni mosabisa zimene banja lanu limakhulupirira ndi kuti izi ndi nthano za anthu akale. Ana amasiyanitsa zimenezi msanga kuposa mmene timaganizira.

Dziwaninso kuti nkhani ya Elliot ili m'mabuku anayi, ndipo matenda a mayi ake amakulirakulira m'mabuku otsatirawo. Ngati pakhomo panu pali matenda aakulu pakali pano, kapena maliro achitika posachedwa, yambani mwawerenga nokha lachitatu ndi lachinayi musanamupatse.