FUNSANI ANTI: Ndinakulira pa gombe la Nkhata Bay, kodi ku Cape Town ndikazolowera?

Anti moni. Ine ndi mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Chibavi konkuno ku Mzuzu koma kwathu kwenikweni ndi ku Nkhata Bay, ndinakulira pa gombe penipeni moti kusambira ndinayamba ndisanalowe sitandade 1. Bambo a kunyumba ali ku Cape Town chaka chachitatu chino, amagwira ntchito ku Hout Bay, nde akuti ndiwatsatire ndi ana mwezi wa Meyi. Pa foni amangoti usadandaule kunonso kuli nyanja ngati kwanu, nsomba zili mbwee. Koma mtima wanga sukukhazikika Anti, mnyamata wanga wa zaka 9 akangoona madzi amavula malaya pompo, komanso ineyo sabata ikatha osadya kondowole ndi usipa ndimakhala ngati ndadwala. Ndikazolowera koma? Nanga ndinyamule chani?

Mayi wa nkhawa, Chibavi

Asisi, yewo chomene polemba. Bambo akwanuwo sakunama ayi koma akuuzani theka la nkhani, mukudziwa amuna akafuna mkazi abwere msanga chilichonse chimasanduka chophweka kkkk. Ine ndinakhalako kumeneko zaka zinayi nde ndikuuzani mmene ndinaonera, ndipo ndiyambira pa mwanayo chifukwa za kondowolezo sizipha munthu.

Munthu wa ku Mzimba amene sanaonepo nyanja sindimuderankhawa, ameneyo amaima patali kujambulitsa basi nkubwerera kunyumba. Amene amandiopsa ndi inu a kunyanja, chifukwa mumafika muli ndi mtima woti madzi timawadziwa ife, pamene madzi mukuwadziwawo ndi ena. Nyanja yathu ndi yofunda, pamwamba pake pamakhala madigiri 24 mpaka 28 kapena kupitirira pang'ono, mwana atha kuswera mmadzi tsiku lonse pa Chikale mpaka zala kuchita makwinya. Hout Bay ili mbali ya Atlantic, kumene madzi nthawi zambiri amasewera pakati pa madigiri 10 ndi 15, ngati a mufiliji ndithu, ndipo chodabwitsa nchoti amazizira kwambiri nthawi yotentha, Disembala ndi Januwale, chifukwa mphepo ya kumwera chakummawa imakankhira madzi ofunda apamwamba kutali nde ozizira apansi amakwera. Munthu ukadumphiramo mwadzidzidzi mpweya umabanika, miyendo imachita dzanzi, ngakhale katswiri wopalasa bwato wa ku Usisya amasowa chochita. Ngati ana akufuna kusambira apititseni mbali ya False Bay, ku Muizenberg kapena ku Fish Hoek, kumeneko nthawi yotentha madzi amafika cha mma 20, bolako.

Chachiwiri, nyanja ya mchere imayenda. Kwathu madzi amakwera nyengo ya mvula nkumatsika pang'onopang'ono chilimwe chonse, mwala umene unachapirapo dzulo mawa uupeza pomwepo. Uko madzi amadzadza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, pakadutsa maola 6 ndi mphindi zochepa zinthu zasintha, ndipo tsiku lililonse nthawi yake imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50, mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa kumene nde amakwera kwambiri. Ine sabata yanga yoyamba ndinasiya nsapato ndi chitenje pa mchenga wouma bwinobwino nkupita kukayenda ndi anzanga, pobwera ndinapeza pamalopo pali madzi ofika mmawondo, nsapato imodzi sindinaionenso mpaka lero, ndinakwera sitima ndi phazi limodzi lopanda kanthu anthu akundiyang'ana ngati wamisala.

Koma chimene chimapha anthu kwambiri ndi chimene eni ake amachitcha rip. Mafunde akamakhuthula madzi pa gombe, madziwo amayenera kubwerera, nde amadzipezera kanjira ngati kamtsinje kothamanga kolowera kukuya, ndipo poipa pake pamalo pamenepo mpamene pamaoneka pabata, popanda thovu, mayi wosadziwa amauza ana kuti sambirani apa pofatsapa. Kakakugwira, nzeru ya kwathu yoti limba mtima sambira molunjika kumtunda ndi imene imakumaliza, umatopa usanasunthe ndi mita imodzi yomwe. Umayenera kungoyandama, kukweza dzanja kuti akuone, kapena kusambira chammbali motsata gombe mpaka utulukemo. Mnyamata wanuyo mumukhazike pansi musananyamuke, mumuuze kuti kumeneko amasambira pakati pa mbendera ziwiri zofiira ndi zachikasu zokha, pamene pali ma lifeguard, anthu opulumutsa omira, ngati mbendera palibe ndiye kuti tsiku limenelo ndi losewera pa mchenga. Komanso pa miyala osatembenukira nyanja msana, funde limodzi lalikulu limabwera mwakachetechete pakati pa ang'onoang'ono.

Za shaki musaope kwambiri, ife tinakula ndi ng'ona ndi mvuu. Ku Muizenberg kuli anthu a Shark Spotters amene anayamba mu 2004, amakhala pa phiri kuyang'ana mmadzi, sailini ikalira aliyense amatuluka basi. Ndipo chabwino chimodzi, mmadzi a mchere mulibe likodzo. Koma musakapite ndi beseni la zovala ndi mapoto kugombe ngati kwathu, sopo sachita thovu mmadzi amenewo, kumwa sungamwe, ukatulukamo thupi limachita nyankhalala mpaka ukasambenso kumpopi. Gombe la kumeneko si pochapira kapena poyanika usipa, ndi pocheza, ndipo mowa pa gombe ndi woletsedwa amalanda, muwauze bambowo. Zovala zimene akazi amavala ku Camps Bay nazo mukaziona nokha, tsiku loyamba mudzagwira pakamwa, lachitatu mudzaona kuti palibe amene akuyang'ana mnzake, inu ndi chitenje chanu palibenso akufunseni. Kungoti magombe a zii opanda anthu musamayendeko nokha ndi foni mmanja.

Tsopano mimba. Ufa usakudetseni nkhawa, nsima iwo amati pap ndipo ufa uli mushopu iliyonse, White Star, Iwisa, Ace, woyera bwino ngakhale kakomedwe kake sikafika pa ufa wonyika wa kwathu, ena amaphika yofewa ngati phala koma mthiko ndi wanu muphika mmene mukufunira. Mthikowo nyamulani, ndikunenetsa, timitengo tawo tophikira timathyoka pa nsima ya anthu anayi. Kondowole nde nkhani ina. Ufa wa chinangwa umapezeka mmashopu a anthu a ku Congo ndi maiko ena cha ku Bellville, Parow ndi Salt River, koma ndi wodula ndipo kafungo kaja ka chinangwa chonyikidwa bwino ku Nkhata Bay simudzakapeza ndendende, nde konzekani kuti kondowole idzakhala ya Lamulungu osati ya tsiku ndi tsiku. Usipa, utaka ndi mpunga wa Kilombero Amalawi amatumizirana pa mabasi ndi kwa anyamata a thiransipoti, mukangolowa pa gulu la WhatsApp la amayi a kwathu mudziwa amene wafika ndi katundu. Pa ulendo wanu tengani wochepa wouma bwino wodya pakhomo, pa Zigwagwa musankhe nokha, osati thumba lonse chifukwa zakudya pa boda zimatha kukuvutitsani, malire ndi angapo, Mozambique, Zimbabwe kenako Beitbridge, ndipo mukafika ku Joni kwatsalabe makilomita pafupifupi 1,400.

Koma ndikupempheni, musakakhale ngati amayi ena amene ndinawaona, zaka zisanu ali mphepete mwa nyanja koma nsomba ya kumeneko sanailawepo ati imanunkha. Pa doko la Hout Bay pomwepo pali snoek, nsomba yaitali ya minga zitalizitali zosavuta kuchotsa, ili ndi mafuta ngati batala wathu uja, mukaiwamba pa makala kapena kugula yofutsa kale nkuithira tomato ndi anyezi, ndi nsima imatsika bwino zedi, nthawi yake ikakwana amagulitsa pa ma bakkie, timagalimoto ta pikiapu, mmisewu motchipa. Hake ilibe fungo, ana amaikonda. Masiku ovuta chitini cha Lucky Star chimapulumutsa banja. Masamba nde mudzasowa, chimene amati sipinachi ndi chimasamba chachikulu cha madzimadzi, nkhwani ndi chigwada mpaka mutadziwana ndi Amalawi kapena Mazimbabwe amene amalima kuseri kwa nyumba, nde tinjere ta bonongwe ndi mpiru mukakapeza kwa anzanu dzalani ngakhale mu ndowa. Mudzalawenso gatsby, chibuledi chachitali ngati mkono chodzadza tchipisi ndi nyama, chimodzi chimakwana nonse anayi, ndipo pa Isitala aneba akakupatsani nsomba yoviika mu viniga ndi kale musakane, ndi mwambo wawo.

Chenjezo limodzi kwa bambowo poti anthu a kunyanja manja amayabwa akaona nsomba: kumeneko ngakhale kuwedza ndi mbedza pa gombe kumafuna permit, nkhanu zikuluzikulu zija amati kreef zili ndi nyengo yake, ndipo nkhono yodula imene amati perlemoen asayerekeze nkomwe ngakhale wina atawauza kuti muli dola, anthu amamangidwa nayo. Nkhono za mmiyala osatola chisawawa, nthawi zina madzi amafiira ndi tizilombo tapoizoni ndipo kuphika sikuchotsa poizoniyo.

Mwezi mukupitawo ndi umene wandidandaulitsa. Ife a ku Mzuzu timadzitama kuti kuzizira timakudziwa, koma Cape Town nyengo yake ndi yotembenuza, mvula imagwa Juni, Julayi, Ogasiti nthawi yozizira, pamodzi ndi chimphepo, zovala osauma masiku anayi, makoma kuchita nkhungu, ana chifuwa osatha. Wotchi ndi imodzimodzi ndi ya kuno simusintha, koma mu Juni dzuwa limatuluka cha mma 8 koloko mmawa ana amapita kusukulu kuli mdima, pamene mu Disembala limalowa cha mma 8 usiku, ine ndinkachedwa kuphika tsiku lililonse poyembekeza kuti kude kaye. Majekete ndi mabulangete a pa kaunjika gulani konkuno. Ndipo muwafunse bambowo mosapsatira kuti nyumbayo ndi yotani, ya njerwa kapena ya malata, chifukwa ambiri ogwira ntchito ku Hout Bay amakhala ku Imizamo Yethu kumene nyumba zambiri ndi zamalata zothithikana, mu Malichi 2017 moto unapsereza malo aakulu anthu masauzande nkusowa pogona. Sindikukuopsezani, anthu akukhala ndipo ana akuphunzira, koma kandulo ndi sitovu ya parafini musamazisiye ndi ana, ndipo ndi bwino kudziwiratu kusiyana nkukalira pofika poti pa zithunzi za pa Facebook ankajambulitsa pa geti ya abwana.

Mapepala nawo muwaone ndi maso anu. Pasipoti ya Malawi amakudindira masiku 30 okha, ukapitirira amakuletsa kulowanso chaka chimodzi mpaka zisanu, nde mawu oti zitheka konkuno asakukwanireni makamaka poti pali sukulu ya ana. Mukafika phunzirani kunena molo (moni) ndi enkosi (zikomo) kwa aneba achi Xhosa, zimatsegula zitseko, pezani mpingo wa Amalawi ndipo lowani gulu la maliro mwezi woyamba womwewo, kubweretsa thupi kumudzi ndi ndalama zoti banja limodzi silingathe. Kuzolowera mudzazolowera, kwa ine zinatenga dzinja limodzi lolira ndi chilimwe chimodzi, ana nde sabata zitatu adzakhala akukuyankhani mchizungu cha kumeneko.

Anti, ine ndi mnyamata wa ku Luwinga, abwana akunditumiza ku Dar es Salaam miyezi 6 kukayang'anira za magalimoto pa doko. Ndimangomva kuti kumatentha. Nanga zina?

Mnyamata wa geni, Luwinga

Achimwene inu zanu nzopepuka, katundu wambiri wa mu Taifa maketi amachokera komweko nde simukakhala mlendo kwenikweni. Kutentha nkoona, kwachinyezi kotuluka thukuta ngakhale usiku, majuzi anu a ku Mzuzu asiyeni, tengani neti ya udzudzu. Nyanja yake ndi ya Indian, yofunda ngati yathu, koma kuphwa kwake nkoopsa kuposa ku Cape Town, masiku ena madzi amatsika mamita oposa 3 nkuthawa kutali moti umayenda pansi pa nyanja ngati pa bwalo la mpira, pobwerera amathamanga, nde osapita patali komanso valani nsapato muli tinthu taminga tobaya. Nsima ndi ugali, yolimbirapo, usipa wawo ndi dagaa, nsomba zatsopano mmamawa ku msika wa Kivukoni pafupi ndi pantoni ya ku Kigamboni, mpunga amathira nkaka wa kokonati, ndipo chipsi mayai, tchipisi yokazingira mmazira, mudzadya mpaka kutopa nayo. Akuluakulu muziwapatsa moni wa ulemu woti shikamoo.

Chimene chimagwetsa Amalawi ambiri ndi nthawi. Mukangowoloka pa Songwe wotchi ipititseni patsogolo ndi ola limodzi, kenako dziwani kuti Mswahili amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, akati saa moja asubuhi akunena 7 koloko mmawa, saa nne ndi 10 koloko. Ejenti wa pa doko akakuuzani kuti tikumane saa tatu, mufunseni kawiri kuti ya Chiswahili kapena ya pa foni, apo ayi mudzafika 3 koloko masana munthu anakudikirani 9 mmawa nkumapita. Pobwera mundigulireko vitenje viwiri ku Kariakoo, vya buluu ndili navyo kale.