Kwa achimwene a ku Thyolo: chifukwa chake Pi yanu sikufika pa laputopu

Achimwene, mwati muli ndi Raspberry Pi, kakompyuta kakang'ono, pa sikelo yoyezera tiyi wa alimi, ndipo mukufuna makilogalamu azifika pa laputopu ya mu ofesi kudzera pa ZeroMQ, chida chotumizirana mauthenga pakati pa mapulogalamu. Mapulogalamu onse awiri akakhala pa laputopu amamvana bwinobwino, koma mukasamutsira imodzi pa Pi, kuli zii. Vuto lili pa mzere umene mwaonetsawo, bind("tcp://127.0.0.1:5555").

Bind imatsegula soketi, khomo lodutsira mauthenga, pa adiresi ndi port, nambala ya khomolo (pano ndi 5555), pomwe connect ndi imene imagogoda pakhomopo. Adiresi ya 127.0.0.1 ndi ya m'kati mwa kompyuta yomweyo. Soketi yomangidwa pamenepo imamva mapulogalamu a pa laputopu yokhayo, ndipo uthenga wochokera pa wayifayi kapena pa waya suifikira. Lembani bind("tcp://*:5555"). Nyenyeziyo ikutanthauza kuti soketi ilandire kuchokera pa netiweki iliyonse imene laputopuyo yalumikizidwako. Mukafuna netiweki imodzi yokha, ikanipo adiresi yeniyeni ya laputopu, monga 192.168.1.20, kapena dzina la khadi ya netiweki monga eth0 kapena wlan0 ngati muli pa Linux. Musalembe localhost pa bind, chifukwa ZeroMQ imawatenga mawuwo ngati dzina la khadi, n'kukuyankhani kuti No such device. Nyenyezi ija ndi ya bind yokha. Ku mbali ya Pi, connect imafuna adiresi yeniyeni ya laputopu.

Pali chimene chimapusitsa anthu ambiri. Mu ZeroMQ, connect sidandaula ngakhale kutsidya kulibe womvera. Imangoyesayesa mwakachetechete mpaka winayo atapezeka. Choncho kusaona uthenga wa vuto pa Pi sikutanthauza kuti zalumikizana. Onani pa laputopu kaye. Pa Linux lembani ss -ltnp, pa Windows netstat -ano, muone ngati mzere wa 5555 ukuonetsa 0.0.0.0, kutanthauza netiweki iliyonse. Ngati zili choncho koma uthenga sukufikabe, mwina firewall, mlonda wa zolowa mu kompyuta, yatseka. Pa Ubuntu mumatsegula ndi sudo ufw allow 5555/tcp, pa Windows mumaika lamulo lolola zolowa pa port imeneyo. Mukaona Address already in use, pulogalamu yanu yakale ikadali moyo ndipo yagwirabe port, itsekeni. Ma port ochepera 1024 pa Linux amafuna root, chilolezo cha woyang'anira kompyuta, ndiye 5555 ili bwino.

Funso la amene ayenera kuchita bind musalione mopepuka. Shedi yogulirapo tiyi siyendayenda, alimi ndi amene amadza ndi madengu awo. Laputopu ya mu ofesi ichite bind, masikelo achite connect, ndipo mawa mukagula sikelo yachiwiri simudzasintha kalikonse mu ofesimo. Koma adiresi ya laputopuyo ikhale yokhazikika. Magetsi akazima n'kuyakanso, rauta ikhoza kuipatsa adiresi ina, Pi n'kumagogoda pa yakale tsiku lonse osanena kanthu. Lowani mu rauta muisungire adiresi imodzi.

Simunatchule mtundu wa soketi, koma ngati ndi PUB (yolengeza) ndi SUB (yomvera), chonde sinthani. PUB imataya uthenga ngati palibe amene akumvera nthawi imeneyo, ndipo uthenga umenewo ndi thukuta la mayi amene wathyola tiyi kuyambira mbandakucha. Gwiritsani ntchito PUSH pa Pi ndi PULL pa laputopu. PUSH yochita connect imasunga mauthenga podikira, mpaka 1000 ngati simunasinthe malire ake. Ngakhale apo musadalirepo kwambiri, poti amasungidwa mu memory, ndipo Pi ikazima apita. Ine ndikanalemba kaye kulemera kulikonse mu SQLite, database yosunga mu fayilo, pa Pi yomweyo, ndi nambala yakeyake, kenako n'kutumiza, laputopu n'kuvomereza kuti yalandira kudzera pa soketi ina. Pa nkhani ya ndalama za anthu sindiona njira yachidule.

Zonsezi ndi ngati Pi ndi laputopu zili pa rauta imodzi. Ngati sikelo ili kumunda pa data ya foni, ofesinso pa data ya foni, bind yokha sikuthandizani, chifukwa makampani a foni nthawi zambiri amaika makasitomala ambiri kuseri kwa adiresi imodzi, ndipo zochokera kunja sizilowa. Pamenepo mufunika seva yokhala ndi adiresi yofikika pa intaneti kuti ichite bind, zida zonse ziwiri zichite connect, kapena VPN monga WireGuard, yoika zida zonse ziwiri ngati zili pa netiweki imodzi. Ndipo musatsegule port imeneyo pa intaneti popanda CurveZMQ, njira yobisira mauthenga imene inabwera ndi ZeroMQ 4.0. Popanda iyo mauthenga amayenda osabisika, ndipo aliyense wodziwa adiresi ndi port akhoza kukutumizirani makilogalamu abodza. Ngakhale pa wayifayi ya mu ofesi, ngati pasiwedi yake mumagawira alendo, yatsani CurveZMQ.