Galu, galimoto yogonamo ndi dzuwa la ku Tete

Kalata iyi yagona mu foni mwanga masiku asanu ndisanaiyankhe. Ndimati ndikaitsegula, mtima umathawira kwina, n'kuitsekanso.

Yachokera kwa mayi wina wa ku Ntcheu. Iwo ndi amuna awo agula galimoto yogonamo, ija ena amati motorhome, yokhala ndi bedi, kambaula ka gasi ndi thanki ya madzi. Akufuna kupita ku Vilankulo, kunyanja ya mchere ku Mozambique, mu Okutobala. Ndi ulendo wawo woyamba kunja ndipo galu wawo sakufuna kumusiya. Akufunsa kuti ayambire pati. Kumapeto awonjezera kuti achibale akuwaseka, akuti galu ndi wolondera pakhomo, za tchuthi wazidziwira kuti.

Mayi, kusekedwako ndikukudziwa. Ine ndinakulira kufupi ndi Bembeke, ndipo bambo anga anali ndi agalu anayi a uzimba. Agaluwo sankaponda m'nyumba. Chakudya chawo chinali mkute ndi phala la gaga, mwina mafupa a kalulu tsiku lamwayi. Koma tsiku limene wamkulu mwa iwo anafa atalumidwa ndi njoka, bambo anamukwirira okha kuseri kwa nkhokwe, ndipo madzulo amenewo nsima inabwerera kukhitchini osaikhudza. Palibe anayankhulapo. Ndiye munthu asandiuze kuti kukonda galu tinaonera azungu. Timawakonda kuyambira kale, kungoti sitinazolowere kunena.

Pamenepo ndili kumbali yanu. Koma pa za Okutobala ndi Vilankulo, mundikhululukire, sindili nanu.

Mu 2019 ndinagula Toyota Hiace yakale imene inatopa ndi ntchito ya minibasi. Ndinachotsa mipando, kalipentala wa pa boma pano anandikhomera bedi ndi mashelefu, mayi a kunyumba anasoka makatani. Galu wathu Kambuku, wa mawanga akuda, anali ndi zaka zitatu. Tinanyamuka mu Okutobala momwemo, mbandakucha, ine nditavala juzi chifukwa Dedza ali pamtunda wopitirira mamita 1,500 ndipo m'mawa kumazizira ngakhale m'chilimwe. Titadutsa chipata cha Dedza n'kulowa Calomue, palibe chimene chinasintha. Minda ya mbatatesi yomweyo, mapiri omwewo, ana a m'mbali mwa msewu akuyankhula Chichewa chathu chomwechi. Pa Ulongwe tinagula zitumbuwa ngati tili pa Linthipe. Dera la Angonia limakupusitsa choncho, umaona ngati Mozambique yense ndi kwanu.

Kenako msewu umayamba kutsika. Juzi ija ndinavula, mitengo ya mlambe inayamba kuoneka, mphepo yolowa pawindo inasanduka ngati mpweya wa mu uvuni wa njerwa. Pofika ku Moatize, kwa migodi ya malasha kuja, fumbi ndi malole zinali ponseponse. Tete ali pansi penipeni m'chigwa cha Zambezi, ndipo mwezi umenewu kutentha kumapitirira madigiri 40.

Mu tawuni ndinaimika galimoto kuti tikasinthe ndalama tipeze ma metical. Ndinati mphindi khumi zokha. Ndinatsitsa mawindo pang'ono, n'kumuikira Kambuku madzi m'mbale. Mzere unali wautali, mphindi khumi zija zinakhala makumi anayi, ndipo mthunzi umene ndinaimikapo unali utasuntha. Titabwerera tinamupeza ali thasa pansi pa bedi, lilime litafiira kwambiri, dovu lili chuchuchu, maso ali gwa. Ndinamuitana, mchira wokha sunagwedere. Nditamunyamula miyendo inangoti lende.

Amene anamupulumutsa ndi mayi wina wogulitsa malambe pambali pa msewu. Ankayankhula Chinyungwe, ndipo mawu amene ndinagwira bwino ndi awiri: mbwaya, kunena galu, ndi madzi. Anabweretsa ndowa yake, madzi oti watunga kutali ndi kusenza pamutu, n'kundilozera kuti ndimugoneke pamthunzi. Tinamuthira pamimba, m'khwapa, m'mapazi, mayi a kunyumba akumukupiza ndi katoni. Patapita nthawi ndithu anadzutsa mutu n'kunyambita madzi m'dzanja langa. Ndinatulutsa ndalama, mayi uja anakana, anangotenga ndowa yake yopanda kanthu n'kubwerera pamalonda ake. Mpaka lero ndimamukumbukira m'mapemphero.

Dokotala wa ziweto anadzandifotokozera nditabwera. Galu satuluka thukuta thupi lonse ngati ife, kupatula pang'ono m'mapazi. Amadziziziritsa ndi kupuma wefuwefu kuja. Thupi lake likakhala bwino limatentha madigiri 38 kapena 39, likadutsa 41 impso ndi ubongo zimayamba kuwonongeka. Tsono m'galimoto yoima padzuwa, mpweya umene akupumawo ndi wotentha kale, ndiye akamawefuka akungodziwotcherawotchera. Kampata ka pawindo sikathandiza. Ndipo galimoto yogonamo ndi imene imanyenga kwambiri, chifukwa muli bedi, muli makatani, mtima umakuuza kuti galu wamusiya m'nyumba. Si nyumba ayi. Ndi malata ndi magalasi.

Ndiye ndinene mosapsatira: m'chilimwe, galu wozolowera mphepo ya ku Ntcheu asatsikire ku Tete. Kuchoka kuno kukafika ku Vilankulo ndi makilomita opitirira 1,000, kudzera Tete, Changara, Catandica, Chimoio, Inchope, kenako kuwoloka mtsinje wa Save. Ndi galu, amene ayenera kutsika maola awiri aliwonse kuti amwe ndi kudzithandiza, amenewo ndi masiku atatu kupita, atatu kubwera. Mukafika, mchenga wa masana umawotcha mapazi ake, madzi a mchere akamwa amasanza ndi kutsekula m'mimba. Chimene anthu amapitira kumeneko ndi kukwera boti kukaona zilumba za Bazaruto, amene ndi malo otetezedwa ndi boma, si kopita ndi galu. Tsiku limenelo atsala ndi ndani? Mmodzi wa inu atsala, kapena mudzachita zimene ndinachita ine.

Tchuthi ndi chanu, galu sanachipemphe. Ambiri amene timati sitingamusiye, kwenikweni tikunena za mtima wathu, osati wake. Ine ndinamutenga Kambuku chifukwa ndinkafuna chithunzi chake ali pa mlatho wa Samora Machel ku Tete, ndikachiike pa Facebook. Ndikanamusiya kwa alamu anga, akanakhala sabata yonse akuthamangitsa nkhuku mosangalala.

Mwina muganiza zotembenukira ku Zambia, kudzera ku Mchinji ndi Chipata mpaka ku Mfuwe. Kumeneko nakonso samalani. M'nkhalango ya South Luangwa ziweto sizilowa, chigwa chakenso n'chotentha chimodzimodzi, ndipo kuli ntchentche za kashembe zimene matenda ake amapha agalu. Anyalugwe nawo galu amamuona ngati ndiwo.

Pali china chimene chimandipweteka, poti ndayamba kale. Inu a ku Ntcheu mukudziwa kuti pa Lizulu msewu wa M1 ndiwo malire. Kabichi mugula mbali ino, kuwoloka phula mwalowa Mozambique, ndipo agalu amawoloka tsiku lililonse opanda ndi kapepala komwe. Chifukwa cha zimenezi anthu amati katemera ndi mapepala ndi njira yongotidyera ndalama. Ndakanganapo ndi anzanga pa nkhani imeneyi mpaka kusiyana osatsanzikana. Chiwewe si nthano. Chikangoonetsa zizindikiro, kaya mwa galu kaya mwa munthu, mankhwala palibe, ndipo ambiri amene chimawatenga ndi ana, chifukwa ndiwo amasewera ndi tiagalu. Ku Blantyre zinafika poti mu 2015 bungwe la Mission Rabies linayamba kuyenda khomo ndi khomo, ndipo chaka chimenecho linabaya agalu oposa 35,000. Tsiku la 28 Sepitembala dziko lonse lapansi limakumbukira matendawa. Mwana akalumidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti muone kaye galuyo atani. Katemera wa galu wanu si wokondweretsa wa pachipata. Ndi wa mwana amene adzabwere kudzamusisita pamalo pamene mwaima, ndi wa galu wanuyo akakumana ndi anzake oyendayenda usiku.

Za mapepala

Yambani miyezi iwiri ulendo usanafike. Pitani kwa dokotala wa ziweto ku ofesi ya zaulimi pa boma, galu abayidwe katemera wa chiwewe, alembedwe m'khadi lake ndi chidindo. Mayiko ambiri amafuna kuti katemerayo akhale atatha masiku 30 koma asanathe chaka. Pafunika chilolezo cholowetsa galu chochokera ku nthambi ya ziweto ya dziko limene mukupita, chilolezo chomutulutsa kuno chochokera ku nthambi ya zaumoyo wa ziweto ku Lilongwe, ndi kalata ya dokotala yotsimikiza kuti ali bwino, yolembedwa kutatsala masiku ochepa kuti munyamuke. Chimene ambiri amaiwala n'chakuti pobwera galu yemweyo akulowanso m'Malawi, ndiye funsiranitu za chilolezo chobwerera musanachoke. Pepala lililonse likhale ndi mafotokope awiri.

Galimoto nayo ili ndi zake: blue book, kalata ya apolisi yosonyeza kuti si yobedwa, ndi chilolezo choilowetsa kwa kanthawi chimene mumalemba pachipata. Inshuwalansi ya galimoto yotchedwa Yellow Card ya COMESA imagwira ntchito ku Zambia ndi ku Zimbabwe, koma Mozambique sali mu COMESA, inshuwalansi yake mugula pa malire pomwepo. Musaiwale matrayango awiri ndi chovala chonyezimira chija, apolisi a pamsewu kumeneko amazifunsa. Kwa galu tengani chakudya chimene anazolowera chokwana ulendo wonse, mankhwala a nkhupakupa, chingwe chachitali, ndi chigubu chakechake cha madzi. Galu wa makilogalamu 20 amamwa kupitirira lita imodzi patsiku, kukatentha kawiri kake. Poyenda amangidwe kapena akhale m'bokosi lake, asamayendeyende mpaka kufika kumapazi a woyendetsa. Malo alionse ogona, imbani foni kaye mufunse ngati amalola galu. Ife malo ena anatibweza usiku, tinakagona pa filing'i siteshoni.

Ndikanakhala inu, usiku woyamba ndikanagona m'galimotomo pabwalo pa nyumba yanga, galu ali momwemo. Mudziwa ngati amagona kapena amauwa chilichonse chodutsa. Sabata ina tsikani naye msewu wa Khwekhwerere kupita ku Golomoti, m'mawa kusanatenthe. Makhotakhota amenewo akuuzani ngati ndi wosanza m'galimoto. Akapirira, gonani usiku umodzi kunyanja yathu yomweyi, muone mmene achitire ndi kutentha kwa kumunsi. Ulendo wakunja udikire Juni kapena Julayi, ndipo woyambawo ukhale waufupi, masiku atatu kapena anayi kumtunda kozizira, ku Angonia kapena ku Chipata. Vilankulo mupite awiriwiri, galu atsale ndi munthu amene amamudziwa, kapena mudzamutenge chaka china m'nyengo yozizira mutaona kuti msewu amaukonda.

Mundilemberenso mundiuze zaka zake, kulemera kwake, ndiponso ngati ndi wa mphuno yaifupi, chifukwa agalu oterowo ndi okalamba ndiwo amafooka msanga ndi kutentha.

Kambuku alipo, imvi zayamba kumera kukamwa. Chichokereni ku Tete sanakwerenso Hiace ija. Ndikangotsegula chitseko cham'mbali amadzuka mwakachetechete n'kukagona kuseri kwa khitchini, ndipo ine sindimuitana.