Musanalipire kalasi ya zisudzo, kaonereni kaye ana akuyeserera

Mayi wina wa ku Lilongwe wanditumizira imelo. Akuti mwana wawo wamkazi wa zaka 9 ndi wamanyazi pagulu, koma pakhomo amayerekeza mayendedwe ndi malankhulidwe a aliyense, ngakhale a agogo ake, mpaka anthu kufa nacho chikhakhali. Malo apeza awiri: kalasi yolipira ya Loweruka yophunzitsa m'Chingerezi, ndi kagulu kaulere ka zisudzo kutchalitchi. Bambo ake akuti zonsezi n'kutaya nthawi. Ndiye amupititse kuti?

Mayi, zithunzi za pa Facebook zisakukopeni. Pemphani kuti mukakhale nawo pamene ana akuyeserera, osati tsiku lachionetsero, chifukwa tsiku limenelo aliyense amakhala atakonzeka. Mphunzitsi akakukanizani, yankho mwalipeza kale.

Mukalowa, khalani kumbuyo muwerenge ana amene akulankhula. M'magulu ambiri ana atatu a mawu okweza ndiwo amatenga mbali zonse, ena onse n'kukhala "anthu a m'mudzi" ongoima kumapeto n'kumagwedeza mutu. Mwana wamanyazi akalowa gulu lotere, chaka chimatha ali munthu wa m'mudzi. Muonenso zimene mphunzitsi amachita mwana akaiwala mawu. Wina amakalipa, anzake n'kuseka, mwana uja n'kuyamba kukanda pansi ndi chala chakuphazi. Wina amangomufunsa kuti, "Iweyo ukanakhala wogulitsa tomatoyu, ukanayankha chiyani?" Wachiwiriyu ndiye wofunika. Pa msinkhu umenewu mwana amafunika masewera: kuyenda ngati nkhalamba, kunenerera mtengo pamsika popanda mawu olembedwa, kumvetsera mnzake asanayankhe. Zoloweza masamba athunthu zibwera pambuyo.

Nkhani ya chilankhulo musaipeputse. Ngati mwana wanu amaseketsa anthu m'Chichewa, m'Chingerezi akhoza kuuma pakamwa, maganizo onse ali pa kuopa kuthyola galamala. John Nyanga ndi Eric Mabedi, aja tinkawadziwa kuti Izeki ndi Jakobo, dziko lonse analigwira m'Chichewa. Chingerezi chili ndi nthawi yake: kusekondale akaupeza mpikisano wa zisudzo za m'Chingerezi wa ATEM (bungwe lolimbikitsa kuphunzitsa Chingerezi m'Malawi), womwe unayamba mu 1969. Katswiri wa zisudzo Du Chisiza Jr anayamba kudziwika mu mpikisano womwewo ali wophunzira, asanakhazikitse gulu la zisudzo la Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987.

Bambo akewo muwauze modekha kuti Expressive Arts, phunziro la zaluso lomwe muli zisudzo, limaphunzitsidwa kupulayimale, ndipo ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba anthu amatenga digiri ya zisudzo. Sindikulonjeza kuti mwanayo adzadyera pomwepo, poti ochita zisudzo kuno amavutika ndithu. Koma mwana amene wazolowera kuima pamaso pa anthu sanjenjemera aphunzitsi akamuloza m'kalasi.

Pali mafunso ena omwe ambiri timachita nawo manyazi. Ndi akuluakulu angati amakhala ndi anawo? Amaweruka nthawi yanji, nanga kholo likachedwa mwana amadikira ndi ndani? Sipayenera kukhala zoti mphunzitsi atsale ndi mwana mmodzi m'chipinda chotseka, kaya ndi kutchalitchi kaya ndi kolipira. Kolipirako mufunsiretu za zovala za sewero, matikiti ndi thiransipoti, chifukwa ndalama zimenezi zimatulukira teremu ili pakati.

Ine ndikanakhala inu ndikanayambira kutchalitchi kwa teremu imodzi, bola wotsogolera akhale wa mtundu wachiwiri uja. Vuto la magulu amenewa ndi lakuti amadzuka Khirisimasi kapena Pasaka ikayandikira kenako n'kugonanso, ndipo masewero ake amangokhala ulaliki. Mukaona kuti gulu lagona koma mwana akukufunsanibe za Loweruka, apo ndiye mupite naye kolipira kuja, mupemphe kuti ayese tsiku limodzi musanapereke ndalama ya teremu yonse.