Moto wa m'tchire, zipani ndi bomba la Mondlane: yankho kwa achimwene a ku Tsangano

Sabata yatha ndalandira imelo yochokera kwa achimwene ena a ku Tsangano, dzina sinditchula chifukwa anandipempha choncho. Mwachidule akuti mu Seputembala moto unalusa kwawoko, unapsereza udzu wofolera, mabulugamu a pasukulu ndi nkhokwe ziwiri. Amfumu anaitanitsa msonkhano, ena akuti kutentha tchire kuletsedwe ndithu ndipo wogwidwa azilipira mbuzi, ena akuti ayi tizitentha tokha msanga udzu usanaumitse. Vuto ndi loti oletsawo ambiri ndi a chipani chimodzi, otenthawo ndi a chipani china, ndiye msonkhano unathera kutukwanizana, uyu akuti anayatsa ndi anyamata a Frelimo uyo akuti ndi a Renamo. Pobwerera agogo awo anangoti "ndi mmenemu anaphera Mondlane, anthu ake omwe." Funso lawo ndi lapawiri: kodi agogowo akunena zoona, nanga iwo monga membala wa komiti ya zachilengedwe aime mbali iti?

Achimwene, ndiyambe ndi agogowo chifukwa sakunama kwenikweni koma sanamalize nkhani.

Eduardo Mondlane, mtsogoleri woyamba wa Frelimo, anafa pa 3 Febuluwale 1969 ku Dar es Salaam, ndi tsiku lomwe lija timapuma la ngwazi za dziko. Analandira phukusi la buku, anapita nalo kunyumba ya mnzake wa ku America komwe ankakonda kugwirirako ntchito mwakachetechete, potsegula bomba linaphulika. Zala zambiri zimaloza apolisi achinsinsi a Apwitikizi, a PIDE aja, ndipo dzina lomwe limatchulidwa kawirikawiri ndi la Casimiro Monteiro, yemweyo amene anapha Humberto Delgado, wotsutsa boma la Apwitikizi, mu 1965. Ndiye ngati funso ndi loti bombalo analikonza ndani, yankho si "anthu ake omwe" ayi.

Koma taonani mmene nyumba ya Frelimo inalili chaka cha 1968 chisanathe. Ana asukulu a ku Mozambique Institute, sukulu ya Frelimo ku Dar, anali atagalukira atsogoleri, wansembe Mateus Gwenjere ali pakati pa mkanganowo, ofesi ya chipani ku Dar inathyoledwa ndipo Mateus Sansão Muthemba anamenyedwa mpaka kufa nazo, mu Julaye kunachitika msonkhano waukulu wachiwiri ku Matchedje ku Niassa anthu a Lázaro Nkavandame, mkulu wa chipani ku Cabo Delgado, osapitako, mu Disembala Paulo Samuel Kankhomba anaphedwa chakumalire a Tanzania. Akumpoto ankati akummwera atenga mipando yonse, ena ankati azungu ndi amwenye asakhale m'chipani, ena ankati akhale. Mondlane atangofa Nkavandame anathawira kwa Apwitikizi, Uria Simango yemwe anali wachiwiri wake analemba chikalata chodzudzula anzake nachotsedwa chaka chomwecho, Samora Machel anatenga mpando mu 1970. Simango ndi mkazi wake Celina anadzaphedwa dziko litalandira kale ufulu, ndipo ana awo Daviz ndi Lutero ndi omwe aja tinawadziwa ku chipani cha MDM. Mukuona kutalika kwa chingwe chimenechi?

Chimene ine ndimatolapo ndi ichi: phukusi lija linadutsa m'manja mwa anthu mpaka kufika patebulo la mtsogoleri popanda wolitsegula kapena kulikayikira, nthawi yomwe aliyense anali kalikiliki kuyang'anitsitsa mnzake wa m'chipani momwemo. Ndipo litaphulika mbali iliyonse inali nalo kale dzina la woti imunamizire. Zomwezonso zinadzachitika ndege ya Samora itagwa ku Mbuzini pa 19 Okutobala 1986, komiti ya Margo ya ku South Africa inati analakwitsa ndi oyendetsa, a ku Soviet Union anati ndegeyo inasocheretsedwa dala ndi chipangizo cha wailesi, mpaka lero munthu amasankha yankho malinga ndi mbali yomwe mtima wake uli. Ife a kumalire kuno nkhani imeneyi timaidziwa bwino chifukwa mwezi umodzi m'mbuyo mwake Samora anali ku Blantyre kukamuchenjeza Kamuzu za Renamo, kenako theka la midzi yathu linakathera m'misasa ya othawa nkhondo ku Dedza ndi ku Ntcheu.

Tsono tibwere kumoto, chifukwa msonkhano wanu uja wagwa m'dzenje lomweli. Mwathera tsiku lonse pa funso loti anayatsa ndani, funso lomwe simudzaliyankha, ndipo ngakhale mutaliyankha udzu wa chaka chamawa udzaumabe basi. Tonse tikudziwa amene amayatsa: mwana wokumba mbewa, mbusa wofuna msipu wa ng'ombe, wofula njuchi, wowotcha makala, mayi wotentha mapesi pososa kumunda mphepo nkumulanda moto, bambo woponya kanyenyeswa ka fodya akuchokera ku kachasu. Ameneyu alibe khadi la chipani pamene akuyatsa. Ineyo ndili mwana ku Angónia ndinatenthapo dambo lonse chifukwa cha mbewa zisanu, ndinakwapulidwa ndi amalume mpaka ndinagona chafufumimba, ndipo panthawiyo sindinkadziwa n'komwe kuti voti ndi chiyani.

Mbali yoti muime ndikuuzani mosabisa, ine ndili ndi otentha msanga, ngakhale oletsawo ali ndi mfundo yomwe ndibwerepo. Tchire lathu la mitengo ya mombo ndi masuku likakhala zaka ziwiri zitatu losapsa udzu ndi masamba zimaunjikana, ndiye tsiku lina mu Okutobala dzuwa lili phwee kamphepo kakuomba wina ayatsa ndithu, ndipo moto umenewo ndi uja umakwera mpaka kunsonga, kupha timitengo tonse tating'ono ndi kudumpha mseu ngati palibe kanthu. Pomwe moto wa mu Meyi kapena Juni udzu ukadali ndi chinyontho umayenda pansipansi, umapsa mwa apo ndi apo, usiku mame akagwa umazima wokha, ndipo malo omwe apsawo amasanduka chotchinga moto wa m'chilimwe. Izi si nzeru za ku Facebook ayi. Ku Ndola ku Zambia akatswiri a nkhalango anayamba kuyesa zimenezi mu 1933, anagawa tchire la mtundu ngati wathu womwewu m'zigawo, kwina kutentha msanga chaka ndi chaka, kwina kutentha mochedwa, kwina osatentha n'komwe. Patapita zaka kotentha mochedwa kuja mitengo ikuluikulu inatha kunatsala udzu ndi zitsa zophukira, pomwe kotentha msanga nkhalango inaimabe bwinobwino. Ndipo moto wochedwa suthera pa mitengo pokha, kumayambiriro kwa Seputembala 2008 unapha anthu opitirira 30 ku Manica, Sofala ndi Zambézia, nyumba zambirimbiri kupsa.

Mfundo ya oletsa aja ndi yakuti mukangoti kutentha ndi kololedwa aliyense amva zake, wina adzayatsa mu Ogasiti nkumati ndimatentha msanga. Zoona zimenezo. Komanso kwanu ku Tsangano ndi kozizira, anthu amakolola mochedwa, chimanga chimakhala chili m'mikukwe ndipo amayi amakhala asanamwete udzu, ndiye tsiku lotentha silingachokere mu ofesi ku Tete, liyenera kuchokera kwa amfumu atafunsa eni minda. Chindapusa cha mbuzi chija chisatayidwe, chingosunthidwa: chigwire woyatsa tsiku la mudzi litadutsa. Mukatero mbali zonse ziwiri zatuluka ndi kanthu m'manja, palibe wopita kwawo atagonja pamaso pa akazi ake, ndipo kunena zoona zambiri za m'misonkhano yathuyi zimakhala za manyazi basi osati za mfundo.

Pali chinthu china chomwe ndikufuna mukachione ndi maso anu. Pitani kumanda a m'mudzi mwanu. Mitengo yake ndi italiitali, yakalekale, pomwe tchire lozungulira ndi lupsa lokhalokha. Bwanji moto sulowako? Chifukwa chaka chilichonse anthu amakalambula m'mbali mwake, a Frelimo, a Renamo, a MDM, ngakhale anyamata omwe ankaimba za Venâncio Mondlane pa zisankho za mu 2024, onse khasu paphewa, ndipo palibe amafunsa kuti ganizo lolambula linachokera kuchipani chiti poti agogo a onsewo agona momwemo, kwinanso ndi kudambwe komwe munthu sungaseweretseko machesi. Ndiye luso lotchinga moto lilipo kale m'mudzimo, silikufunika semina ya ma alawansi. Nthawi ya Pulezidenti Guebuza kunabwera mfundo ija yoti mfumu iliyonse ikhale ndi nkhalango yake, m'malo ena inagwira, m'malo ena inafota chifukwa anthu ankaiona ngati munda wa boma osati wawo.

Za ndalama musazibise chifukwa ndi pomwe makomiti ambiri amafera. Lamulo limati 20 peresenti ya misonkho yomwe boma latolera pa mitengo ndi nyama za m'dera ibwerere kwa anthu a m'deralo, zinakhazikitsidwa mu 2005, ndipo kuno ku Tete tinayamba kale zoterezi ndi pulojekiti ya Tchuma Tchato ya ku Mágoè m'zaka za m'ma 1990. Ngati komiti yanu imalandirako kanthu, kaya ndi mbuzi za chindapusa zomwezo, muziwerengera pagulu pansi pa mtengo, apo ayi mbali yomwe ilibe msungichuma idzati anzathu akudya ndipo chaka chamawa moto udzayatsidwa dala.

Ndiye achimwene chitani izi. Musaitanitsenso msonkhano wa mudzi wonse pakadali pano, mitima ikadali yotentha. Pitani kwa amfumu madzulo ndi munthu mmodzi wa mbali iyi ndi mmodzi wa mbali inayo, makamaka omwe nkhokwe zawo zinapsa, mukapemphe kuti tsiku lolambula kumanda chaka chino likatha anthu asabalalike, apitirire ndi makasu omwewo kuzungulira sukulu ndi nkhokwe, mulifupi mwake mapazi okwanira kuti ngolo idutse momasuka. Zipewa ndi ma tisheti a zipani zitsale kunyumba tsiku limenelo, thobwa aphike amayi a mbali zonse. Agogo aja muwatenge adzakhale pamthunzi azilozera pomwe moto unkadzera kale, amadziwa mphepo ya dera lanulo kuposa tonsefe. Mudzandilembere mu Juni mundiuze kuti kunabwera makasu angati.