Kodi interior design ndi kusankha makatani basi?

Funso: Mwana wanga walemba MSCE ndipo akuti akufuna kuphunzira interior design. Ine ndikuona ngati ndi ntchito yosankha makatani basi. Kodi munthu angadyerepo? — Mayi wa ku Zomba

Yankho: Mayi, makatani amabwera kumapeto kwenikweni. Ntchitoyi, yomwe ndi yokonza maonekedwe a m'kati mwa nyumba, imayamba ndi tepi: kuyeza chipinda, kenaka kujambula pulani, kawirikawiri pa sikelo ya 1:50, kutanthauza kuti sentimita imodzi papepala ikuimira masentimita 50 m'chipindamo. Papulanipo ndi pomwe amasonyeza malo a masoketi, magetsi ndi kumene chitseko chizitsegukira, pulasitala asanapakidwe. Akachedwa, mmisiri amagumulanso khoma, ndalama n'kuwonongeka.

Masamu ndi ofunika. Kauntala ya kukhitchini imakhala masentimita pafupifupi 90 kuchokera pansi. Ikafupika, wophika amamva msana. Lita imodzi ya penti imakwana masikweya mita pafupifupi 10 popaka kamodzi, ndipo khoma limafuna kupaka kawiri. Matailosi amagula oonjezera 10 peresenti chifukwa ena amasweka podula. Penti wopakidwa pa pulasitala wosauma amatundumuka n'kusupuka, n'chifukwa chake amadikira masabata anayi.

Ena amalowa m'ntchitoyi kudzera m'maphunziro a architecture (kujambula mapulani a nyumba), omwe ku yunivesite ya MUBAS ku Blantyre alipo. Ena amayambira ukalipentala m'makoleji a ntchito zamanja, njira yomwe anthu amaiderera pachabe. Mwana wanu ayambiretu kuphunzira AutoCAD kapena SketchUp, mapulogalamu ojambulira mapulani pa kompyuta, ndipo azisunga zithunzi za ntchito iliyonse yomwe wagwira, poti makasitomala amafuna kuona zimenezo asanapereke ntchito.